Moto wa m'chikuta cha Enelesi

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Kuno tadzuka, ngakhale kudzuka kwa masiku ano n'kwa mtima uli m'mwamba. Ndikulemba ndili pakhonde, dzuwa likundiwomba kumsana, koma m'manja muli zipsera, cholembera sichikugwirika bwino. Mukaona zilembo zikukhota musanene kuti sukulu yonse ija inapita pachabe.

Ndiyambe ndi zabwino, monga munkachitira inu mukafuna kutiuza zoipa. Digiri ija ndinamaliza. Atate anabwera ku Lusaka atavala jekete lomwe lija anavala pamaliro anu, ndipo atatchula dzina langa analira osabisa nkhope. Ntchito yeniyeni sinapezekebe. Ndikugwirako pa loji ina cha ku Nkwali, kukonza mapaipi, masola ndi ng'anjo zotenthetsera madzi osamba alendo. Injiniya wathunthu, Amayi, kusonkhezera moto kuti mlendo asambe madzi ofunda akachoka koona mikango! Ndege ikamatera pa Mfuwe ndimaima n'kuiyang'ana, mtima ukuwawa kuti zinthu zonse zabwino zimangobwera n'kubwerera, kwathu kuno osasiyako kanthu. Ndikudziwa mukuti chiyani: "Dalitso, kuthamanga sikufika." Ndakumvani. Koma kuyenda pang'onopang'ono nakonso sikunatifikitse kulikonse.

Chimanga chaka chino njovu zinatigawira, zinatenga mbali ya kumtsinje n'kutisiyira ya kumtunda. Zingwe za tsabola tinamanga, koma ng'ombe zazikuluzikulu zimenezi zazolowera, zimangoyetsemula n'kulowa. Thonje ndilo linatipukuta misozi. Mbuzi yanu ya mawanga inabereka mapasa, kamodzi fisi anatenga. Atate chifuwa chija sichinawasiye, makamaka kukazizira, koma amakana kuti akudwala. Amati ndi fumbi.

Chipinda chija ndinkakulonjezani ndinamanga, cha njerwa zowotcha, malata, pulasitala mkati ndi kunja, zenera la galasi ndi chitseko chotseka osasiya mpata ndi wa chala womwe. Ndinanyadira. Ndinaiwala kuti inu nyumba za malata simunkazikhulupirira. Munkati denga la udzu lili ndi mphuno zambiri, utsi umadziwa potulukira, pomwe malata ndi chivindikiro cha mphika. Ine ndinkaseka, ndinkati n'zonena za anthu amene alibe malata.

Tsopano nkhani imene yandikhazika pansi. Mlongo wanga Enelesi wachira, Amayi. Mwana wamkazi, wa tsitsi lambiri, chipumi chanu chenicheni. Mlamu wanga Yosefe ali kuthengo, akuphikira alendo kumsasa wina wa mkati mwa paki ya nyama, ndipo nyengo ino sapatsidwa tchuthi. Choncho Enelesi atatuluka kuchipatala anabwera kuno kwathu kudzakhala m'chikuta, ndipo mng'ono wanu, amayi aang'ono Felesiya, anachoka ku Malama kudzaima pamalo panu. Malamulo a m'chikuta mukuwadziwa kuposa ine. Mayi ndi khanda abindikire mpaka mchombo ugwe, mphepo isamukhudze mwana, moto usazime, mwamuna asaponde pakhomo. Chipinda chabwino pakhomo pano ndi changa chija, ndiye ndinachipereka, ine n'kumagona kwa Atate.

Koma mwezi wake ndi uno wa Juni, ndipo mukudziwa kuti chigwa chathu chotenthachi chikati chizizire m'bandakucha, chisanu chimalowa mpaka m'mafupa. Ndinadziwiratu kuti alowetsa mbaula. Ndipo ine, Amayi, ndinaphunzira chimene makala amachita m'chipinda chotseka. Amatulutsa mpweya wina, kusukulu timati kaboni monokisaidi, wosaoneka, wosanunkha, wosatsamwitsa n'komwe. Munthu amangomva mutu, kenako tulo tokoma, basi osadzukanso. Ndiye mwana asanabadwe ndinapita kwa wowotcherera zitsulo ku Mfuwe, tinapanga chitofu chachitsulo chokhala ndi kachitseko ndi chumuni.

Ndinachiika bwino, ndikulumbira pamaso panu. Pansi ndinayala njerwa ndi simenti kuti khala likagwa ligwere pamwala. Ndinachitalikitsa ndi khoma, ndi bedi, ndi neti ya udzudzu, malo oti munthu n'kudutsa osapsa chitenje. Paipi ya utsi ndinaikweza molunjika, polumikiza ponse ndinamata, ndipo podutsa padenga ndinaizunguliza ndi chitsulo china chokulirapo kuti kutentha kusafike pamitanda. Kunja inapitirira msonga ya denga, pamwamba n'kuika kachipewa koletsa mvula ndi mbalame. Kenako ndinaboola khoma m'munsi, kabowo kolowa chibakera, n'kutchinga ndi sefa kuti njoka isalowe. Moto nawonso umapuma, ukasowa mpweya watsopano ndi pamene umayamba kupha. Ndinayesa ndi masamba aawisi, utsi wonse unakwera kumwamba, m'chipinda osatsala ndi kafungo komwe. Ndinaunjika nkhuni zouma za tsanya pakhonde. Ndinaima kunja kuyang'ana utsi uja, m'mutu ndikuona kale nyumba zonse za m'chigwa muno zili ndi machumuni, dzina langa lili pachitseko cha chitofu chilichonse.

Amayi aang'ono nditawaonetsa anazungulira chitofu chija ngati akuyang'ana mbuzi yodwala. Anati, "Ndiye moto wautsekera m'bokosi, kutentha kwake kukupita kumwamba. Ukuwothetsa akhwangwala?" Ataona kabowo kaja anati, "Nanga ichi? Nyumba yatsopano wayamba kale kuiboola?" Ndinawayankha mothamanga, njinga ili m'manja, kuti asakhudze chilichonse, mbaula isalowe, ndidzafotokoza bwino. Anati, "Chabwino, aprofesa." Mawu amenewo ndinawatenga ngati kuvomera.

Masiku oyamba zinayenda. Ine kulowa sindikanatha, choncho ndinkangoyang'ana chumuni ndili pabwalo. Utsi ukutuluka, mtima pansi.

Lachinayi lapitali ndinagona kuntchito chifukwa pampu inafa. Kutacha ndinapalasa kubwera kunyumba, zala zitauma ndi chisanu. Ndikulowa pabwalo maso anapita padenga mwachizolowezi. Chumuni chinali zii. Atate anali pamoto wa panja atafunda bulangete, ndipo anandilandira akumwetulira. Anati, "Usasokose, sanadzuke. Mdzukulu wanga ndi munthu wamkulu, lero sanalire ngakhale kamodzi."

Amayi, mawu amenewo mpaka pano akundilira m'makutu. Khanda la masiku ochepa, losalira mpaka dzuwa kutuluka?

Ndinataya njinga n'kuthamangira kuseri. Kabowo kaja kanali kotseka. Mkati mwa sefa munali nsalu yopanikizidwa zolimba, ndipo ndinaizindikira, chitenje chanu chobiriwira cha nsomba chija, chimene amayi aang'ono anatenga pogawa zovala zanu. Ndinabwerera kukhomo. Chitseko chinali chokhoma mkati, pansi pake atatsekapo ndi thumba. Ndinagogoda. Ndinaitana Enelesi, ndinaitana amayi aang'ono. Zii. Kenako ndinamva kubuula, kwapansipansi, ngati munthu ali m'chitsime.

Nditabwerera m'mbuyo kuti ndimenye chitseko, Atate anandigwira mkono. Mphamvu zimenezo sindinkadziwa kuti akadali nazo. Anati, "Dalitso! M'chikuta mwamuna salowa. Umudula mwana! Dikira ndikaitane akazi."

Ndipo ndinaima, Amayi. Ichi ndicho chimandiopsa ndikamakumbukira. Ine wa digiri, ine amene ndimatsutsa zonsezi pamaso pa anthu, miyendo inagwira pansi. Pakuti ndinakula ndikumva za mdulo kuchokera pakamwa panu pomwe, kuti munthu wotentha, amene wakhala ndi mkazi, akakhudza khanda la m'chikuta, mwana amatupa, amatsokomola, amanyentchera mpaka kupita. Ndipo poti muli kumeneko mukuona zonse, za Miriyamu wa kukhichini ya loji sindingakubisireni. Ndinali wotentha. Ndinaima pakati pa imfa ziwiri, ina imene ndinaiwerenga m'buku, ina imene ndinaiyamwa ndi bere lanu. Nyumba yapafupi yokhala ndi akazi ili kutsidya kwa munda wa thonje. Ndinadziwa kuti pobwera iwo tikhala tikulira maliro atatu.

Chitseko changa chokongola chija ndinachithyola ndi mwendo.

Mkati munali mofunda ngati m'thumba. Chitofu chinali chozizira. Pafupi ndi bedi panali mbaula, makala atavala phulusa loyera, pansi pake akadali ofiira. Amayi aang'ono anali pamphasa, atasanza. Enelesi maso anali otsegula pang'ono koma sankandiona. Ndinagwira mpweya, n'kunyamula mwana. Amayi, munayamba mwanyamulapo nsalu yonyowa? Ndi mmene analili. Mutu lende, timanja lende. Mwana wopanda dzina, woti sindikanatha ngakhale kumuitana kuti abwerere.

Ndinatuluka naye pabwalo, pamphepo yomwe ija ankamubisira. Ndinamuika m'manja mwa Atate, iwo n'kumulandira osafunsanso za mwambo, n'kumufunditsa bulangete lawo. Ndinabwerera, ndinakoka Enelesi m'khwapa mpaka pakhonde, ndinabwereranso kukatenga amayi aang'ono, mutu wanga nawo utayamba kugunda. Mbaula ndinaiponya kunja ndi manja, ndipo zipsera ndili nazo. Atate ankangoti, "Mayi, mayi, dzuka mayi," akumusisita mwana pamsana. Kenako tinamva kakulira, kochepa ngati ka mwana wa mphaka. Sindinamvepo nyimbo yokoma chotero.

Ndinaimbira foni dalaivala wa kuntchito, munthu wa mtima wabwino, ndipo anabwera ndi galimoto ya alendo, yopanda denga ija. Tili panjira ya kuchipatala, podutsa padambo, tinapeza njovu zitaima pamsewu ndi ana awo. Dalaivala anazimitsa injini, pakuti njovu ya mwana siithamangitsidwa. Tinadikira. Ine ndinaika chala pamphuno pa mwana kumvera ngati mpweya ukutuluka, ndikupemphera mapemphero onse amene ndinaleka ku yunivesite. Ndinaitananso inu. Ngati munamva munthu akukuwa mumtima m'mawa umenewo, ndinali ine. Njovu zinadutsa mosathamanga, ngati dziko lonse ndi lawo.

Kuchipatala anawaika onse atatu pa okosijeni. Namwino anandiuza kuti tikanachedwa pang'ono nkhani ikanakhala ina, ndipo anati nyengo yozizira iliyonse amalandira otere, ena atauma kale. Anawagoneka komweko. Enelesi atatsitsimuka anandiuza mmene zinakhalira. Madzulo aja kunazizira kuposa masiku onse. Amayi aang'ono anaika dzanja pansi n'kumva kamphepo kochokera pakabowo kakudutsa kulunjika kubedi. Anati mwana wa mkulu wawo sangawombedwe mphepo iwo alipo, n'kutseka. Atatseka, chitofu chinayamba kuvuta kuyaka, iwo n'kunena kuti bokosi la aprofesa lafa, n'kukatenga mbaula. Enelesi anati, "Achimwene, ndinawauza kuti munaletsa. Anati iwo alera ana asanu ndi mbaula, inu mwalera angati?"

Ndipo n'zoona, Amayi, analera. Koma anawalerera pansi pa udzu.

Ndinkayembekeza kuti amayi aang'ono akadzuka andithokoza. Nditalowa kukawaona, mutu atamanga duku ndi ululu, anandiyang'ana. Anati, "Wamukhudza mwana mchombo usanagwe. Wamutulutsa panja. Akayamba kutupa, usakasake mfiti kutali." Ndinapsa mtima, ndinalankhula mokweza mpaka namwino ananditulutsa. Ndinanena kuti miyambo imeneyi ndiyo ikutitsiriza, kuti chigwa chino sichidzasintha ngati tizingoopa mphepo n'kumakumbatira makala. Zina ndinanena zoona. Koma nditafika panja ndinakhala pansi pa mtengo, mantha n'kundigwira. Bwanji ngati akunena zoona iwo?

Kuyambira tsiku limenelo sindinapume. Mwana akatsokomola kamodzi, ine mtima phaa. Ndimafunsa Enelesi pazenera kuti aone mapazi ngati atupa, masaya ngati atupa, mpaka iye anatopa nane. Anati, "Achimwene, ndi kunenepa uku, mwana akuyamwa. Pitani kuntchito." Buku limandiuza kuti mdulo kulibe, koma limandiuzanso kuti mpweya uja nthawi zina umasiya chilema m'mutu mwa khanda, chooneka patsogolo. Ndiye kulikonse kumene ndingatembenukire kuli choopa. Ine ndine malume ake, Amayi. Mbumba imeneyi munandisiyira ine. Ndinafuna kuti mwana woyamba wa Enelesi agone m'nyumba yabwino kuposa imene tinabadwiramo ife, ndipo nyumba yomweyo inatsala pang'ono kukhala bokosi lake.

Atabwerako kuchipatala, akazi anasonkhana n'kunena kuti mwana asambitsidwe mankhwala ochotsa kutentha kwanga. Dalitso wa chaka chatha akanawathamangitsa. Ndinati asambitseni, koma m'kamwa mwake musalowe kanthu kupatula bere, ndipo pamchombo pasapakidwe kanthu. Amayi aang'ono anavomera. Nawonso ndinawapempha changa, kuti chipinda chikhale chopanda anthu tsiku limodzi, ndikonze.

Pakuti pa chinthu chimodzi sananame, kamphepo kaja kankapitadi kubedi. Ndinagona pansi pomwe pamakhala mwana ndipo ndinakamva patsaya. Ndiye ndinatseka kabowo kakale, n'kuboola kena kuseri kwenikweni kwa chitofu, n'kuikamo paipi yobweretsa mpweya pansi pa moto penipeni. Mpweya ukalowa umakumana ndi moto usanakumane ndi munthu. Pamwamba pa khoma, pansi pa malata, ndinachotsa njerwa imodzi mbali iyi ndi ina mbali inayo, n'kuikamo sefa, kutali koti dzanja silifika popanda makwerero. Mphuno zanu zija, Amayi, ndazibwezera. Chitseko ndinakonza, koma pansi ndinasiya mpata dala. Ndatumanso mnzanga wa ku Lusaka kuti anditumizire kachipangizo kamene kamalira mpweya woipa uja ukachuluka m'nyumba.

Ulendo uno sindinagwire njinga m'manja. Ndinawaitana amayi aang'ono, tinakhala pansi, ndinafotokoza mpaka mawu anatha. Ndinawauza za denga la udzu, kuti mbaula yawo sinawaphere ana chifukwa nyumba zakale zinkapuma zokha. Ndinati mawu amenewo si anga, ndi a mkulu wawo. Kenako anatuluka, anakatola nthenga ya nkhuku, anayatsa okha chitofu, n'kuika nthenga ija pabedi. Tinaiyang'ana tonse awiri. Sinagwedezeke. Anaiika pamphasa, sinagwedezeke. Anati, "Hmm." Inu mukuwadziwa mng'ono wanu, "hmm" ameneyo ndiye chikalata chonse. Potuluka anati, "Mbaula yanga usataye, ndiziphikira panja. Koma iwe, za mtsikana wa kulojiyo, ubwere naye timuone. Watichititsa manyazi mokwanira."

Sindikunena kuti agonja. Dzulo ndawapeza ataima pabwalo akuyang'ana mabowo a pamwamba aja, maso ochenjera, ngati akuyeza kutalika kwa mpando. Ndipo Julayi akubwera, chisanu chenicheni sichinafike. Makwerero ndakawasiya kuntchito.

Mchombo unagwa dzana. Mwana anatuluka m'chikuta mwa mwambo wake, ngakhale aliyense akudziwa kuti anatuluka kale m'manja mwa malume ake, dzuwa lisanakwere. Sanatupe. Akuyamwa ngati ali pa mpikisano, ndipo akalira amamveka mpaka kumunda wa thonje. Ndikamumva ndimati lira, mayi, lira usaleke. Yosefe anaimba foni kuchokera kuthengo n'kunena kuti dzina apereke Atate, poti ndi iwo anamuitana kuti adzuke. Atate anamunyamula, anatsokomola pang'ono, n'kunena kuti, "Uyu ndi Esinati." Amayi aang'ono anatembenukira kukhoma n'kudziphimba ndi chitenje chobiriwira chija, chimene anachapa n'kuyambanso kuvala.

Choncho dzina lanu labwerera pakhomo, Amayi, ndipo n'chifukwa chake ndalemba. Ndikudziwa mumakonda ana, ndipo kumeneko mwina mwasungulumwa. Koma uyu musamuitane. Mukamuona akubwera njira ya kumeneko, kaya ndi utsi, kaya ndi chimene amayi aang'ono amaopa, mubwezeni ndi kamtengo monga munkatibwezera ife tikakutsatirani kumtsinje.

Machumuni a m'chigwa chonse aja ndikadawafunabe, sindinasinthe, ndipo ndidzawamanga. Koma ndiyamba ndi ichi chimodzi. Ndikukulonjezani kuti mpaka chisanu chithe ndizigona pano pakhomo, pampu ife isafe. M'mawa uliwonse ndisanasambe m'maso ndiziyang'ana padenga, ndizipita kuseri kukapisa dzanja pakabowo, ndipo sindizichoka pazenera mpaka nditamva Esinati akulira.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani kwambiri sabata ino.

Ndine mwana wanu wothamanga uja,
Dalitso